Nkhunda Ziwiri Zotsala

Nkhunda ndinayamba kuweta ndili mtsikana. Pokwatiwa ku Balaka ndinabwera nazo m'dengu, ziwiri zokha, yaimuna ndi yaikazi. Zinaswana, zinaswananso, mpaka khola limene madala anga, amuna angawo, anandimangira kuseri kwa nyumba linadzaza thothotho. M'mawa zinkati kukuu, kukuu, ine tsache m'manja ndikuvomera, ngati kwaya ya amayi. Ena m'tauni amakonda bawo, ena mpira wa pawailesi. Ine zanga zinali nkhunda, ndi kanema wa kwa anzanga.

Anzangawo ndi amayi a kuseri kwa mpanda wathu, kwawo ku Machinga, Asilamu. Ife ndife akutchalitchi, koma mbale inkadutsa pampandapo tsiku ndi tsiku, kupita ndi kubwera. Ndiye chilichonse cha magazi tinkapita nacho kwa amuna awo kuti achinje ndi dzina la Mulungu, mbaleyo isamabwerere pampanda. Nkhuku, mbuzi, nkhunda, zonse zinkadzera m'manja mwawo.

Mwana wawo wa ku Joni anawatumizira wailesi yakanema ndi timbale take. Magetsi akabwera masana, amayiwo ankangogogoda malata, ine nsalu m'chiuno, liwiro. Nkhani yake inali yaitali ngati njanji. Kunali dziko la pamwamba pa mitambo, ndi nkhalamba yopanda mano yosunga mvula m'chipanda, ndi ana awiri a mfumu olimbirana chipandacho. Wamkulu ankakwera chimphaka cha mapiko, wamng'ono ankayenda pansi ndi ndodo yoyankhula. Ine ndinali wa wamng'ono, anzanga a wamkulu. Chizungu chake sitinkamva, koma munali bambo wina wotanthauzira m'Chichewa, wabodza lokoma, woti chimphaka chikatera amati chafika pa siteji ya Phalula kudzagula tomato.

Chaka cha njala mvula inagwa kamodzi, n'kupita osatsanzika. Chimanga chinafika m'mawondo n'kupsa chili chiimire. Tinaphika mango aawisi, tinadya madeya amene kale tinkapatsa nkhuku. Kanema yekha sanasinthe, ndipo tinkaonerabe, mimba zikulira. Nkhalamba ikatsegula chipanda pang'ono, anzanga ankaiuza kuti, “Ambuje, pendeketsani kuno ku Balaka.”

Nkhunda zinayamba kutha. Lero imodzi, mkucha ziwiri, adzukulu amweko msuzi. Pofika nyengo imene kale tinkadya mondokwa, zinatsala ziwiri. Yaikazi inali yoyera, ya kadontho pakhosi, yaimuna yotuwa, yamatama.

Tsiku lina madala anga anakhala pakhonde nthawi yaitali, kenako anati, “Mayi, zija zatsalazi.”

“Iyayi bambo, zimenezo ndi mbewu.”

“Mbewu ya chimanga tinadya. Ya nkhunda ili ndi nyanga?”

Sanali munthu wankhanza, madala anga. Lamba anali ataboolanso mabowo atsopano, ndipo mdzukulu wathu wamng'ono anali atasiya kusewera, ankangokhala pamphasa kuyang'ana nyerere. Ndinakwera pamtondo, ndinazigwira, ndinazifunda m'nsalu. Mitima yawo inkagunda pamimba panga, ti ti ti, ndipo ndinayenda ulendo wa pampanda uja ngati ndikupita ku Nayuchi wapansi.

Ndinapeza magetsi abwera kumene, kanema wayamba. Abambo a pakhomopo anali pampando, kofia pamutu, mpeni uli pawindo.

“Odi, achimwene. Ndabweretsa ntchito.”

“Khalani kaye, achemwali. Wanu uja lero amugwira.”

Zoonadi, wamng'ono uja anali atamangidwa pamtengo, chimphaka chikumuzungulira. Anzanga anandiseka, akuti ndodo yoyankhula iyankhuletu lero timve. Kenako anandiyang'ana, anayang'ana nsalu ikugwedezeka, anasiya kuseka.

“Zomaliza?”

“Zomaliza.”

Abambowo anatambasula dzanja, maso akadali pakanema, ine ndinawapatsa yotuwa ija. Iwo sachinja mothamanga. Amayamba aisisita mbalame, kuimwetsa madzi, kuitembenuzira koyenera. Chala chawo chitafika pansi pa khosi, pamene nkhunda imasungira chakudya, chinaima. Anafinya pang'ono, anafinyanso, n'kuchotsa maso pakanema.

“Achemwali, mukuzipatsa chiyani?”

“Ndizipatse chiyani ine? Zimadzionera zokha.”

“Gwirani apa.”

Ndinagwira. Munali timiyala tolimba, todzaza. Anaitsegula kukamwa, anaisisita chokweza, ndipo m'dzanja mwawo munagwa njere ziwiri za chimanga. Zoyera, zonona, zosafumbwa. Yoyera ija nayonso inali chimodzimodzi. Tonse atatu tinaweramira njerezo, wotanthauzira uja akubwebweta yekha.

Madala anga ataona kuti ndachedwa, anabwera. Iwo kanema ankamuti zamasewera a ana, ndipo anaima pakhomo osalowa.

“Mpeni wabuntha, aneba?”

“Mpeni uli bwino. Koma alendo anuwa akudya bwino kuposa inu ndi ine. Lowani muone.”

Anawaika njere zija m'dzanja. Madala anaziyang'ana, analuma imodzi kuti amve ngati ndi yeniyeni. Abambo aja anati masiku amenewo sitima inkadutsa ndi mabogi a chimanga kuchokera ku Mozambiki, ndipo pasiteshoni amayi ankasesa mpaka fumbi, sipakanatsala kanthu. Nkhundazi zinali zitapeza pena.

“Zichinjidwe lero, mudya msuzi wa lero,” anatero. “Zili kwa inu. Ine ndimangogwira mpeni.”

Madala anakhala pansi, pamphasa ya ana, yotuwa ili m'manja. Anakhala, anakhala, mpaka magetsi anathima wamng'ono uja akadali pamtengo.

“Zigone,” anatero. “Mawa tione kumene zikupita. Zikatinamiza, tibwera nazo.”

Kutacha tinazitsegulira. Zinazungulira denga kawiri, zinalunjika chakummwera. Nkhunda sungaithamangire, ayi, koma njanji siisochera. Tinaitsata, ine, madala ndi anzanga aja, malichero pamutu, njira ya ku Nkaya. Dzuwa linatiwotcha, tauni inatsala m'mbuyo, anzanga akundiuza njira yonse mmene wamkulu adzapambanire. Pamalo pena njanji imakhota pakati pa tchire, ndipo mabogi akafika pamenepo amagwedezeka. Pamenepo tinaona kanthu koyera kakudumphadumpha pamiyala. Yanga, ya kadontho pakhosi.

Sichinali chimanga cha matumba, ndisaname. Zinali njere zolowa pakati pa miyala, zotola ndi zala, imodzi imodzi, misana ikuwawa. Ine ndinayambitsa nyimbo, anzanga anavomera m'Chiyao, madala akungoti hmm, hmm, koma zala zikuyenda. Pobwerera tinali ndi zokwana phala la ana a nyumba ziwiri. Tinapitanso, tinapitanso, ndipo tinauzako ena a mumzere mwathu.

Madzulo a tsiku loyambalo ndinasinja, ndinapeta, madala akuyang'ana. Kenako anatapa pang'ono mulichero, anapita kuseri, anawaza pansi pa khola.

“Bambo, chimanga cha ana chimenecho.”

“Ndaona,” anatero. Anaimirira pomwepo mpaka zonse ziwiri zinatsika kudzadya.