Amayi Afika Pamwamba pa Dzalanyama

Moni nonse. Amayi akwera Dzalanyama lero!

Tinanyamuka ku Mitundu m'mamawa ndi anzanga a kuntchito. Amayi anaumirira kutsagana nafe, chonsecho anachitidwa opaleshoni ya bondo chaka chatha. Pakati pa phiri anakhala pamwala akupumira m'mwamba. Ine mantha, ndinati tibwerere.

"Iwe Chisomo, sindinabwere kudzakhala pamwala ine," anatero, n'kudzuka ndi ndodo yawo.

Titafika pamwamba, foni yawo inalira. Unali uthenga wa kampani ya mafoni wowalandira ku Mozambique, paja phirili lili m'malire! Anaseka mpaka misozi. "Ndakalamba osatulukapo m'Malawi, lero ndafika kunja popanda pasipoti!"

Tatsika bwinobwino, bondo silinatupe. Pano akuti chaka chamawa akukakwera Mulanje. Achimwene, achemwali, tiwalole kapena tiwabisire nsapato?