Timbale ta Apongozi

Ndinapita ku Nkhulambe kukaphunzitsa, ndipo ndinakwatira komweko matipate atangoyamba. Ine wa ku Dedza, manja ozolowera choko, ndinakhala mkamwini pakati pa Alomwe. Apongozi anga aakazi, mayi woumba mbiya wodziwika dera lonselo, sankandiyankhula. Umenewo ndi mwambo, sindikutsutsa: tikakumana panjira iwo ankapatukira m'nandolo, ine n'kunjuta ndikuyang'ana kumbali. Koma ndimatha kusiyanitsa munthu wokupewa mwaulemu ndi munthu amene sakukuwerengera. Mawu awo ankandipeza kudzera mwa mkazi wanga, ndipo tsiku lina anandipeza awa: "Mwamuna wakoyu, kupatula kulemba pabolodi, amathanso chiyani?"

Funsoli linali ndi chifukwa chake. Banjalo linali ndi munda wachonde m'tsinde mwa phiri, umene anyani ankakolola chaka ndi chaka, ndipo linkafuna kuupereka kwa mwana wamkazi amene mwamuna wake angathe kuulondera. Mundawo ndinkaufuna. Koma chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti mayi amenewo ankandiona ngati mlendo wongodzadya.

Ndiye ndinati ndigula mfuti. Masiku amenewo, nkhondo ya kutsidya itangotha, mfuti zachinsinsi zinkagulitsidwa kumalire ngati chinangwa, koma ine wantchito ya boma sindikanasewera ndi ndende. Ndinapalasa njinga kupita ku boma mpaka matako kuchita dzanzi, ndinapeza chilolezo, kenako ndinalondola bambo wina wopuma pantchito ya ukalaliki ku esiteti ya tiyi. Anali ndi mfuti imene bwana wake anamusiyira pobwerera kwawo.

Inali ya mipope iwiri, wina pamwamba, wina pansi. Thabwa lake loika paphewa linali long'aluka, lomangidwa ndi waya, n'chifukwa chake mtengo wake unali woti mphunzitsi n'kuufikira. Ndinaithyola pakati, n'kusuzumira m'mipopemo moloza kudzuwa. Munali mbee, mopanda dzimbiri. Ndinadziwa pompo kuti ndi yanga, chifukwa ng'ombe sitigulira nyanga.

"Imeneyitu sinaphepo nyama," anatero bambowo. "Mzungu ankangoombera timbale tadothi, makina akamatiponya m'mwamba. Inunso yambani choncho. Mukamaswa kambale kali m'malere, nyani wokhala pachulu ndi nkhani yanji?"

Makina ndinalibe, koma ndinali ndi mkazi wa dzanja lamphamvu. Timbale ndinalibe, koma kuseri kwa nyumba ya apongozi kunali mulu wa mapale a mbiya zosweka pootcha. Loweruka lililonse tinkapita kudambo, kutali ndi nyumba za anthu, mkazi wanga n'kumaponya, ine n'kumaombera.

Kuphonya kwake ndiye musanene. Phale silikhala ndi njira: limagudubuka m'mwamba, kukhota, n'kugwa pamene lafuna. Phewa langa linatupa, zipolopolo zodula zija zikuthera mumphepo. Mudzi wonse unapeza choseka. Azilamu anga akandiona ankafuula kuti, "Alenje, lero ndiwo yake ndi mapale angati?" Ndinkaseka nawo, poti mlamu ndi wosewera naye, koma mumtima ndinkapsa. Kusiya kokha ndiye sindinaganizeko. Kenako mulu uja unatha, ndipo amayi a m'mudzimo anayamba kubisa mapale awo okazingira chimanga akangondiona. Mvula inali pafupi, nkhani ya munda isanagamulidwe.

M'mawa wina, ndikutuluka kuti ndikasukusule, ndinapeza lichero pakhonde, lovindikiridwa ndi tsamba la nthochi. Nditavundukula ndinaona timbale tadothi, tozungulira, topyapyala, tootchedwa bwino, tonse tofanana kukula. M'mphepete mwa kalikonse munali timizere tija tokhotakhota timene apongozi ankalemba pakhosi pa mbiya zawo.

"Izi zachokera kuti?" ndinafunsa mkazi wanga.

"Mundifunsa ine ngati ndimaumba?" anayankha akubisa kuseka. Kenako anaulula. "Amayi anandifunsa kuti timbale ta mzunguto tinali totani. Ndinawaonetsa chikhatho. Ati munthu wosatopa ndi kusekedwa asamathere zipolopolo pa zinyalala."

Ndinakhala pansi pakhondepo, lichero lili pamiyendo. Dothi limenelo ankakalikumba kutali, kulisenza pamutu, ndipo likanakhala mbiya zogulitsa pamsika. Iwo analiumba kuti ine ndikaliswe. Kunena zoona, misozi inalengeza.

Timbale timeneto tinkauluka mowongoka ngati njiwa. Apa m'pamene ndinazindikira kuti suloza pamene kambale kali, umaloza kumene kakupita. Loweruka limenelo kambale koyamba kanandipulumuka. Kachiwiri ndinakatsogolera pang'ono, ndipo kanaphulika m'mwamba n'kusanduka fumbi lofiira. Fumbilo lisanafike pansi, kunamveka nthungululu. Nditacheuka ndinaona apongozi ataima patali pansi pa mtengo wa mango, mtolo wa nkhuni uli pambali. Anali atandifulatira monga mwa mwambo, nkhope kuphiri, koma dzanja lili pakamwa, akululutira mkamwini wawo mudzi wonse ukumva.

Munda anatipatsa mvula yoyamba isanagwe. Anyani ndinawaphunzitsa ulemu chaka chomwecho, ndipo atazolowera kulira kwa mfutiyo ankangondiona ndikubwera n'kukwera phiri. Azilamu aja anasiya kufunsa za mapale, anayamba kufunsa za chimanga chachiwisi.

Apongozi sanandiyang'anepo m'maso mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Koma chilimwe chilichonse, akamaotcha mbiya, lichero lija linkapezeka pakhonde panga. La chaka chomaliza lili pamwamba pa kabati, ndipo palibe kambale ngakhale kamodzi kamene ndinalola kuti kaponyedwe.