Maliro Opanda Nyimbo ku Biriwiri

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene malume anga, mlongo wawo wa amayi, anamwalira kwathu ku Biriwiri. Chinawapha ndi chifuwa chimene anachitenga kumigodi ya ku Joni. Atabwerako kumeneko anasiyanso kupemphera. Anthu ankati ndi achikunja, koma ngakhale kunsembe za mizimu sankapondako. Nditawafunsa ngati Mulungu aliko, anati, "Sindikudziwa, mwanawe. Pansi paja ndinaona opemphera ndi osapemphera akuphwanyidwa ndi mwala umodzi."

Lamlungu, ife tili kutchalitchi, iwo ankapalira kachewere m'minda ya amayi amasiye. Maliro akagwa m'mudzi, khasu loyamba kufika kumanda linkakhala lawo.

M'mawa wa tsiku loika, mkulu wa mpingo wathu anaitanira amayi kuseri kwa nkhokwe, ine ndili pambali pawo. Lamulo linali lodziwika: wotuluka mumpingo saimbiridwa, pokhapokha atalapa asanatsirizike. Amayi ndiwo ankawadwazika, choncho mboni anali iwo okha.

"Anangozo, mungotiuza kuti analapa," anatero mkuluyo motsitsa mawu. "Akwaya avala kale, akudikira pamsewupo."

"Ndinawafunsa. Anati sakudziwabe. Kenako anapempha madzi."

"Mayi, ganizani bwino. Alongo anu apite ngati galu?"

Amayi anapotokola nsonga ya chitenje. Ndinkafunitsitsa kuti aname.

"Sananamizepo munthu ali moyo," anatero. "Ndiwanamizire lero atagona?"

Akwaya anabwerera. Bokosi linatuluka m'nyumba popanda nyimbo, ndipo panjira pankangomveka mapazi ndi kutsokomola kwa onyamula. Kunali chifunga, udzu uli wonyowa. Ena ankanong'ona kuti aikidwe kunja kwa msitu wa manda, koma mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda aja, anakana. "Manda ndi a mudzi, si a mpingo. Munthuyu wakumbira abale anu nonsenu."

Sindinaiwale kulira kwa dothi pabokosi lija. Pamaliro ena nyimbo imabisa phokosolo. Tsiku limenelo tinalimva lonse, fosholo ndi fosholo. Achibale ena sanalankhule ndi amayi mpaka nyengo yokolola, ati anachititsa banja manyazi.

Pantchito yanga yolemba nkhani ndakumana ndi anthu amene amanenetsa kuti Mulungu kulibe, ena oti sakudziwa, ena opemphera ndithu koma okana kuti mpingo uzilamula zinthu za anthu onse, enanso ongoika mtima pa umunthu. Kwathu onsewa timawaponya m'thumba limodzi, koma ndi osiyana. Malume sanakane Mulungu. Anakana kunena chimene sankachidziwa. Mkulu wa adzukulu uja anali mkhristu, koma anadziwa pamene mpingo umalekezera.

Ine ndimapempherabe. Koma ndinazindikira mochedwa kuti patsiku lija ulemu umene malume analandira unali kukana kwa amayi. Nyimbo zikanaimbidwa, tikanaika munthu wina.