Wotchi ya Abambo Yakwechedwa Ngati Poto

Mwaswera bwanji nonse.

Paja dzina la abambo silinatuluke pa makuponi, ndiye amati agulitse wotchi ija anawapatsa alamu a ku Joni, agule feteleza. Aphunzitsi ena a ku Mtunthama anaikonda kale.

Amayi poona kuti chitsulo chake sichiwala, m'mawa uno aikwecha ndi phulusa ndi sitiwulu mpaka kumadzionerapo nkhope.

Aphunzitsi aja atangoiona aibweza. Akuti timizere tosawala ta pachitsulopo, timene amayi afafaniza, opanga wotchi anatiika dala, ndipo n'timene timadulitsa wotchiyo.

Ine mutu waima. Chinthu chikawala chizitsika mtengo? Amayi angokhala pakhonde, akuti, "Ndimati ndithandize."

Alamu a ku Joni, timizereto amabwezeretsa? Chimanga kuseri kwa chigafa chayamba kale chikasu.