Magazi a Chidede

Elinata wa ku Zemba anali telala pa msika wa pa boma la Chadiza, koma ambiri ankamudziwa ndi luso lina: ankatha kupanga bala pa khungu la munthu wabwinobwino. Zinayamba pamene Maybin, mphunzitsi wokonda kujambula mafilimu pa foni, anabwera kudzasoketsa zovala za osewera ake. Ali podikira anadandaula kuti akapaka munthu tomato, pa kanema saoneka ngati magazi n'komwe.

"Mubwere Lachinayi," anatero Elinata.

Anawiritsa chidede mpaka madzi anafiira, nathiramo ufa wa chinangwa pang'ono kuti alimbe, ndi kakhofi kuti adere. Bala ankaliumba ndi thonje la m'munda mwawo ndi guluu, n'kulilemberera ndi nthenga ya nkhuku. Maybin ataona mkono umene Elinata anayeserapo, anafunsa ngati apite naye kuchipatala.

Mwamuna wake, Dominic, anali mlimi wa thonje, munthu wanthabwala amene sankakana kanthu. Mu filimu yachitatu Maybin anamupatsa mbali ya bambo wogwa mu mtengo wa mango. Elinata anasoka chidole chachikulu, anachidzaza ndi makoko a chimanga, n'kuchiveka malaya a Dominic. Maybin anajambula Dominic akukwera, kenako anajambula chidolecho chikugwa, pomaliza Dominic ali gone pansi. Atalumikiza zidutswazo, palibe akanadziwa kuti chagwa ndi chidole. Elinata anamupaka phulusa kumaso ndi magazi ake aja m'khutu.

"Inu bambo a Peace, maliro saseka," ankatero Elinata, chifukwa Dominic ankangophulika nako kuseka. Anabwereza kasanu ndi kawiri.

Patatha miyezi inayi, ngolo imene Dominic ananyamulira mabelo a thonje inagubuduka pa chitunda, ng'ombe zitadzidzimuka ndi njinga yamoto. Anamwalira asanafike naye kuchipatala.

Pa nthawiyi n'kuti filimu ija itafala m'mafoni mpaka ku Pembamoyo, kwawo kwa Dominic. Sabata itatha chiikireni maliro, wina anaionetsa kwa amayi ake a Dominic, amene anali asanaonepo kanema chibadwire. Gogoyo anayenda wapansi mpaka kunyumba kwa Elinata, nakana mpando.

"Mwana wanga munamugoneka pansi ali moyo. Munamupaka phulusa ndi manja anuwa."

"Amayi, anali masewera. Chinagwa chija ndi chidole."

"Imfa sayiyerekeza, apongozi. Munaiitana, yabwera."

Elinata anafuna kufotokoza za chidede, za makoko a chimanga, za kuseka kwa mwamuna wake tsiku lija, koma gogoyo anatembenuka n'kumapita. Anagwada mpaka gogoyo anazimiririka m'njira.

Kumsika anthu anayamba kulambalala makina ake. Amayi ena ankakoka ana awo akayandikira. Kumpingo palibe anamunena poyera, koma pa benchi pake pankatsala malo mbali zonse ziwiri. Maybin anabwera kudzapepesa, nati afufuta filimuyo paliponse pamene angathe.

"Kwa ena fufutani," anatero Elinata. "Koma muli nazo zija munataya, zimene ankaseka?"

Zinalipo. Maybin anamuikira pa kamemore kadi: Dominic ali chagada pa udzu, nkhope yotuwa, magazi m'khutu, mapewa akugwedezeka ndi phwete, kenako mawu a Elinata akumukalipira chapatali.

Mvula isanayambe, Elinata anakweza makina ake pa minibasi ya ku Chipata, mwana wake wamkazi Peace ali pamiyendo. Kumeneko amasoka mayunifomu a sukulu pakhonde la sitolo ina, ndipo palibe amadziwa kuti anapangapo bala. Munda wa thonje anawasiyira alamu ake. Apongozi ake anamwalira chaka chatha. Uthenga unamupeza maliro ataikidwa kale.