"Give or take" watipanikizira alamu m'chiuno

Moni nonse abale.

Ndangochoka kwa alifayate wathu wosoka ku dera la Josina Machel, ndipo suti ya ukwati ya alamu anga a Fatsani yafika povuta. Paja iwo anatumiza miyeso ali ku Blantyre, n'kulemba kuti m'chiuno "38, give or take". Alifayate atandifunsa tanthauzo, ine monga munthu amene ndinapondako ku koleji ndinamasulira mwaulemu wonse kuti "patsa kapena tenga". Bamboyo anaganiza kaye, kenako anati, "Kupatsa sindingathe, nsalu njochepa. Nditenga." Anatengadi.

Lero alamu abwera kudzayesa. Thalauza lakwera bwinobwino mpaka m'ntchafu, kenako laima ngati kamiyawo, lole ya katundu ija, pa fronteira ya Zóbuè, pamalire paja. Titakoka awiri lafika, koma batani ndi bowo lake zikungoonana patali, osapatsana moni.

Alamu, thukuta lili kamukamu, akuti, "Mlamu, mawu amenewo amangotanthauza kuti pafupifupi!"

Alifayate akuti, "Aa, mais ou menos? Bwanji osanena? Ndiye palibe cholakwa, patrão. Ine ndasoka menos, mbali yochepayo."

Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti, ngati palibe wopatsa ndipo palibe wotenga, Angerezi anaikiramonji ntchito ziwirizi m'mawu amodzi? Amene munamaliza sukulu tithandizeni.

Koma ukwati ndi Loweruka lino, ndipo nsalu ija yatha. Mana Rosa, mkwatibwi wathu, mwamunayu ngwanu, gamulani: tiike chigamba cha kapulana, chitenje chija, kumbuyo kuti jekete libise, kapena alamu ayambe lero kugona ndi njala?