Nsomba pa Waya wa Kumagetsi

Ku Doha chaka chimayenda chozondoka. Kwathu Januwale ndi mwezi wa matope, chimanga chili m'chiuno, nkhokwe zili mbee. Kuno ndi mwezi wa majuzi. Mphepo yakumpoto, imene eni dziko amaitcha shamali, imawomba youma, nyanja imazizira, ndipo nsomba zimayamba kusaka pofunda ngati nkhuku nthawi ya chiperoni.

Pofundapo palipo. Kunja kwa mzinda kuli malo opangira magetsi. Makina ake amamwa madzi a m'nyanja kuti azizire, kenako amawalavula ali ofunda kudzera m'ngalande yaikulu ya simenti. M'mawa pamafuka nthunzi. Nsomba zimaunjikana pamenepo, ndipo pamene paunjikana nsomba anthu sachedwa. Lachisanu, tsiku lopuma, ankabwera madalaivala, omanga nyumba ndi ophika m'mahotela, a ku Kerala, a ku Bangladesh, a ku Philippines, aliyense ndi mbedza zake ndi kandowa. Koma malowo ndi oletsedwa. Pali mpanda wa waya wotsika mpaka m'miyala ya m'mphepete mwa madzi, ndi kanyumba ka mlonda. M'kanyumbamo ndimo munkakhala a Macfussy Namakhwa.

Anabadwira ku Phalombe, kumunsi kumene mtsinje umalowera ku Chilwa. Bambo awo ankatchera miono, mayi awo ankang'amba milamba ndi kuyanika. Njala ya 2002 inawapeza ali mnyamata wa mphamvu, ndipo chaka chimenecho anyamata a mphamvu ankafunika kumanda. Sankakonda kuikamba nkhaniyo. Atakwatira a Callista analondera sitolo ku Limbe zaka zambiri, mpaka kampani ina ya alonda inawatenga kubwera nawo kuno. Ankagona ku Umm Ghuwailina, dera lina la mu Doha, bedi la pamwamba, m'chipinda chimene nsapato zinkachuluka kuposa malo oponda. Kumudzi anasiya mkazi ndi ana atatu, ndipo miyezi ya njala banja lonse linkadya yunifolomu yawoyo.

Ntchito ankaigwira mosanyengerera. Munthu akalowa mkati mwa waya ankamutulutsa, kaya ndi wa dziko liti. Amene ankalimbana nawo kwambiri anali Mmalawi mnzawo, Amidu wa ku Machinga, dalaivala wa thanki ya madzi, munthu wa pakamwa posatseka.

"Achimwene, nyanja yonseyi ndi ya abambo anu?" ankafunsa Amidu akukulunga chingwe mwaulesi.

"Si ya abambo anga. Yala, nyamukani," ankayankha a Macfussy, yala kutanthauza tiyeni m'Chiarabu.

Amidu ankawatcha nduna ya nsomba. Ankati chibwerere iwo pamalopo nsomba za ku Qatar zinapeza malume, ndipo tsiku lina zidzawalandira ndi nthungululu. A Macfussy ankaseka ndi mphuno yokha, n'kumuperekeza mpaka kunja.

Nyengo yozizira ya chaka chatha anthu ena anadula waya kumunsi kuti azilowa bwino. Mkulu wa alonda, amene onse ankangomutcha mudiri, anakhwimitsa lamulo. Anati aliyense wopezeka mkati azilandidwa zonse, mbedza zizipita ku ofesi, nsomba ziziponyedwa m'bini. Anati anthu akaona thukuta lawo likuwola ndi zinyalala adzatopa okha. Alonda anavomera, chifukwa kuno aliyense amadziwa kuti wokana lamulo la mudiri amakwezedwa ndege.

Lachisanu lotsatira kunacha ndi chifunga. A Macfussy anapeza anthu atadzaza m'miyala. Analanda ndowa ya anyamata a ku Bangladesh, analanda thumba la Amidu, anawatulutsa onse. Kenako ananyamula nsombazo kupita nazo kubini. Anatsegula chivundikiro. Zina zinali zikuphiriphithabe. Sabata yomweyo a Callista anali atanena pafoni kuti oyandikana nawo nyumba ayamba kugaitsa madeya, ndi kuti ana a m'mudzi akupita kusukulu atangomwa madzi. A Macfussy anatseka chivundikiro osataya ngakhale nsomba imodzi.

Amidu anali adakali kunja kwa geti, akutukwana chapansipansi. Anamuitana.

"Pitani mukagule mchere. Wambiri."

"Mwandilanda ndiwo, ndiye ndikuguleninso mchere? Mafuta ndi tomato musaiwale, bwana nduna."

Koma anapita. A Macfussy anatenga mpeni m'zinthu zolandazo, anang'amba nsomba iliyonse chakumsana monga ankachitira mayi awo, anatumbula, anathira mchere, n'kuzikoleka pa waya kuseri kwa kanyumba, pamene shamali imamenya bwino. Ntchentche nyengo imeneyo zimakhala zochepa. Pofika Lachisanu lina zinali zitauma gwa, ndipo anazibweza kwa eni ake, panja pa geti, aliyense zake.

Kwa iwo panalibe chachilendo. Kwawo munthu akagwidwa akuba chimanga chachiwisi ankamukoleka chimangacho m'khosi n'kumuzunguliritsa mudzi wonse, ana akumuwowoza. Koma madzulo ake chimanga chija chinkaotchedwa, anthu n'kudya. Wolakwa ndi munthu. Chakudya sachilanga. Lamulo linati alande, ndipo ankalanda. Linati anthu amve kuwawa, ndipo ankamva, chifukwa mbedza sizinkabwerera ndipo ndiwo ya tsikulo inkawadutsa pakamwa. Chotsalacho ankachiona ngati nkhani ya iwo ndi Mulungu wawo.

Zinayenda choncho mpaka Januwale anatsala pang'ono kutha. Anthu a ku Kerala, amene nsomba youma amaidziwa, ankainunkhiza n'kugwedeza mutu movomereza. Amidu ankalengeza kuti nduna yatsegula fakitale.

Zinawaulula ndi mbalame. Mbalame zoyera za kunyanja zinayamba kutera pa waya, amphaka a m'miyala nawonso n'kumakwera. A Macfussy sankadziwa kuti mpandawo uli ndi tizipangizo timene timaliza belu ku ofesi waya akagwedezeka. Belu linalira masiku angapo, anthu akufunafuna wakuba pa kamera osamuona. Pamapeto pake mudiri anabwera yekha pa galimoto, masana dzuwa lili pamutu koma losatentha. Anazungulira kuseri kwa kanyumba, n'kupeza mzere wa nsomba utayalidwa pa mpanda wa malo opangira magetsi ngati pa thandala la kumudzi.

Sanakalipe kwambiri. Anali munthu wobwera ngati ife tomwe, woopanso ake omulamula. Anafotokoza kuti mpandawo si woyanikapo zinthu, kuti belu likamalira chabe tsiku la ngozi yeniyeni palibe adzathamange. A Macfussy anamvetsa, ndipo anavomera kuti pamenepo analakwa. Kenako mudiri analoza bini. Anati azichotse zonse, aziponye mmenemo iye akuona, nkhani ithere pompo. Akakana, khalasi, kutanthauza kuti zatha, abweze yunifolomu.

Kunja kwa geti kunali anthu ochepa amene anabwera kudzatenga zawo.

"Bwana, pa waya ndizichotsa," anatero a Macfussy m'Chingerezi chawo cha pantchito. "Koma m'bini muponye nokha. Manja angawa sataya chakudya mwezi uno."

Mudiri anayang'ana nsombazo, anayang'ana malaya ake oyera, sanasunthe. A Macfussy anavula jekete la kampani, analiyala pansi, anayamba kuchotsa nsomba imodziimodzi osafulumira. Atatha anamanga mikono ya jeketelo ngati phukusi, anatuluka pageti, anagawira eni ake. Anakutumula jekete, analivala likununkha mchere, n'kubwerera kukaima pakhomo pa kanyumba mpaka shifiti inatha. Mudiri anali atalowa kale m'galimoto, foni ili kukhutu.

Mawa lake anawauza kuti asakwere basi ya kuntchito, adikire kuitanidwa. Amidu anabwera ku Umm Ghuwailina, nthabwala atazisiya m'thanki. Anawachonderera kuti akangopepesa. Anati mawu oti sole sathyola msana, kuti iye mwini amawanena kangapo patsiku ndipo akadali wamoyo. Anatinso ngati vuto ndi iye, sadzapondanso kumagetsiko. A Macfussy anamuyankha kuti akasiya iye abwera ena, chifukwa nyanja ikazizira nsomba sizifunsa lamulo, ndipo anthu anjala nawonso safunsa.

Ku ofesi anapepesa za waya, ndi mtima wonse. Akuluakulu anaoneka kuti afewa. Mmodzi anafunsa funso limodzi lokha, loti akabwerera pamalopo n'kulandanso ndowa, adzataya kapena ayi. Pakhomo panali potseguka, ankangofunika kunama pang'ono. Iwo anati sadzataya. Anapempha kuti awapatse geti lina lililonse, ngakhale la m'chipululu, kumene kulibe nsomba. Anawayankha kuti vuto si nsomba, vuto ndi mlonda wosankha malamulo. Kontirakiti inathera pomwepo.

Chovuta kwambiri chinali foni ya kumudzi. A Callista anamvetsera mpaka kumapeto, osawadula.

"Ndiye nsomba za eni mwazipulumutsa," anatero. "Ana anuwa adya chiyani, a bambo a Tione? Adya kukana kwanuko?"

A Macfussy anangoti akubwera, ndipo anafunsa ngati kumunda kwatsala malo odzala mbatata. A Callista anadula foni.

Ananyamuka mu Febuluwale, shamali itayamba kufooka, masana atayamba kufunda, nsomba zikubalalika kubwerera kunyanja yaikulu. Katundu wawo anali chikwama chimodzi ndi bulangete. Amidu anawaperekeza pa sitima ya metro mpaka ku eyapoti, njira yonse akuwanena kuti ndi munthu wouma mutu kuposa bulu wa ku Dedza. Iwo sanatsutse.

Ali pamzere wopimitsa katundu foni inanjenjemera. Unali uthenga wa mawu wochokera kwa a Callista, waufupi, wopanda moni. Anati apempha mbewu ya mbatata kwa achemwali awo, yaunjikidwa pamthunzi, ndipo mvula ikugwabe. Anati mizere iwo sakweza, akweze amene anakana ntchito.

A Macfussy anaumvera kawiri, n'kufunsa Amidu ngati ku Limbe basi ya ku Phalombe imapezekabe m'mawa.